Mkono wa mayi a kunyumba: si tsempho, si kulodzedwa

Lero za feteleza ndi mitengo ya mbewu tiyambe taziika pambali. Ndikufuna tikambe za mkono wa mayi a kunyumba kwathu, poti funso limeneli landichulukira. Ena mumafunsa pa foni, ena mumafunsa ana ku mjigo, ena simufunsa koma maso anu amafunsa tikakumana kutchalitchi kaya pa msika wa Lizulu. Eni ake mkonowo ndawapempha ndipo andilola. Mawu awo anali akuti, "Lembani bambo, koma mulembe zoona zokhazokha, mwina mnzanga wina angapulumuke ku mphini." Ndiye pezani pokhala, nkhaniyi ndi yaitali pang'ono.

Ambiri mukudziwa kuti zaka zitatu zapitazo mayi anachitidwa opaleshoni ya khansa ya m'mawere. Anachotsa bere lakumanja, kenako kunabwera mankhwala a m'diripi aja othothola tsitsi. Tinadutsamo, Mulungu ndi wabwino, tsitsi linamera, thupi linabwerera. Patatha chaka ndi miyezi ingapo, ife tikuti nkhondo yatha, mkono wakumanja unayamba kutupa. Mpaka lero ndi wotupa, masiku ena pang'ono, masiku ena kwambiri. A chipatala vutoli amalitcha lymphoedema. Ife kunyumba timangoti mkono wadzadza.

Ndiyambe ndi chimene chimachitika m'kati, monga anatifotokozera a chipatala, chifukwa mukamvetsa pamenepa zina zonse muzimva mosavuta. Mwanabere mumamudziwa nonse. Ukakhala ndi bala kuphazi, mphechepeche mumatupa kambulu kowawa. Bala likakhala kudzanja, kambuluko kamatupa m'khwapa. Anabere amenewa aliyense ali nawo, samangobwera tsiku limene apweteka ayi. Ntchito yawo ndi kusefa. M'thupi mwathu, kupatula mitsempha ya magazi, muli timitsempha tina ting'onoting'ono tonyamula madzi oyera amene amatsala m'minofu magazi akadutsa. Madzi a kudzanja ndi kumkono amakwera m'timitsempha timeneti, n'kudutsa mwa anabere a m'khwapa, kusefedwa, kenako n'kubwerera m'magazi. Zimachitika usana ndi usiku ife osadziwa.

Tsono khansa ya m'mawere ikafuna kuyenda, malo oyamba kufikira amakhala anabere a m'khwapa omwewo. N'chifukwa chake dokotala pochotsa bere amachotsanso anaberewo, kuti matenda asatsalire. Sikulakwitsa ayi, ndi mmene ntchitoyo imayenera kugwiridwira. Koma njira ya madzi ija imakhala yadulidwa. Inu a kudimba mukudziwa zimene zimachitika ngalande yotulutsa madzi ikatsekeka pamene kumtunda madzi akulowabe: bedi lonse limachita lowe, kabichi n'kuyamba chikasu. Mkono ndi chimodzimodzi. Madzi akubwera tsiku ndi tsiku koma potulukira pachepa.

Si mayi aliyense wochitidwa opaleshoni amene amatupa. Ofufuza a kunja anapeza kuti ndi pafupifupi mmodzi mwa amayi 5 aliwonse. Ambiri zimawayamba m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, koma ena zimawapeza patadutsa zaka zambiri, atayiwala kale za opaleshoniyo. Chiopsezo chimakula ngati anachotsa anabere ambiri, ngati m'khwapamo anawotchamo ndi makina aja amati radiotherapy, ngati thupi ndi lalikulu kwambiri, komanso ngati mkonowo udwala bala lolowa tizilombo. Kuno kwathu amayi ambiri amafika kuchipatala khansa itafika kale m'khwapa, ndiye anabere amachotsedwa ambiri. Ndiponso chaka cha 2024 chisanafike makina owotcha khansa munalibe m'dziko muno, odwala ankatumizidwa kunja, ku India ndi kwina. Tsopano alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ndi nkhani yabwino zedi, amayi ambiri apulumuka. Koma zikutanthauzanso kuti mikono ngati ya mayi athu tiziiona kawirikawiri m'midzi muno, ndiye ndi bwino tiidziwiretu.

Chiyambi chake n'chonyenga, sichibwera ndi ululu waukulu. Mayi ankangoti mkono ukulemera ngati anyamula chinthu chosaoneka. Kenako mphete yaukwati inayamba kuthina. Bulauzi imene amavala bwinobwino, dzanja limodzi linayamba kukana. Kuyang'ana kuseri kwa chikhatho, mitsempha ija imaoneka kudzanja lamanzere, kulamanja inazimirira, makwinya a pa mfundo za zala anafafanizika. Ukadina ndi chala pamatsala kadzenje kwa kanthawi. Masiku oyambawo, m'mawa umadzuka utaphwa, madzulo n'kudzadzanso. Nthawi imeneyo ndiyo yagolide, abale anga. Mkono ukadali wofewa umamvera chithandizo. Ukaulekerera miyezi ndi zaka, minofu imalimba ngati thabwa, khungu limakhakhala, ndipo kuubweza kumavuta kwambiri.

Tsopano ndibwere pa zimene zinayankhulidwa m'mudzi muno, ndipo sinditchula munthu, tonse ndife amodzi. Oyamba anati ndi tsempho. Paja kwathu kuno munthu akatupa, maso onse amatembenukira kwa mwamuna kuti anayenda njira zolakwika, kaya wina anathira mchere asali woyenera. Ndinamva, ndipo zinandipweteka, koma amene zinawapweteka kwambiri ndi mayi, chifukwa pamwamba pa matenda anawasenzetsanso nkhawa ya banja. Ndingofunsa funso limodzi: tsempho lake lotani losankha mkono umodzi wokha, mbali yomweyo imene anachita opaleshoni, kusiya nkhope, miyendo ndi mkono winawo zili bwinobwino? Ena anati awalodza chifukwa kachewere wathu anachita bwino chaka chimenecho. Ena anati magazi achepa, adye chiwindi ndi bonongwe. Kutupa kwa kuchepa magazi, kwa mtima kapena kwa impso nthawi zambiri kumagwira mbali zonse ziwiri, makamaka miyendo ndi nkhope. Uku n'kwa mbali imodzi, ndipo chifukwa chake chili poyera, pali chipsera m'khwapa.

Ena, mwa chikondi ndithu, ankanong'ona kuti khansa yabwerera, tiyambe kukonzeka. Apa ndiyankhe mosamala. Nthawi zambiri kutupa kumeneku si kubwerera kwa khansa. Koma nthawi zina kumatha kukhala chizindikiro chake, kapenanso cha magazi amene aundana mu mtsempha. N'chifukwa chake mkono ukangoyamba kutupa, choyamba ndi kupita kuchipatala ndi kabuku kanu akakuyezeni, osangoganizira pakhomo. Ife tinapita, anawaunika, anati khansa kulibe, ndi madzi chabe. Tsiku limenelo tinadya nsima yokoma. Koma mukaona mkono watupa mwadzidzidzi tsiku limodzi, ukupweteka kwambiri, wasintha mtundu, ukuchita dzanzi kapena kufooka, kaya patuluka kambulu pa chipsera, m'khwapa kapena m'munsi mwa khosi, musadikire tsiku la msika. Nyamukani.

Nkhani imene yandilembetsa zonsezi ndi ya mphini. Gogo wina wa kuchimuna, munthu wotikonda kwambiri, anabwera ndi lezala latsopano ndi mankhwala akuda m'kabotolo, akuti titeme mphini zingapo madzi oipawo atuluke. Kuganiza kwake n'komveka: chinthu chadzadza, chiboole. Mayi anagwada mwaulemu n'kunena kuti, "Agogo, zikomo, koma mkono uwu a dokotala anandiletsa ngakhale kudzibaya ndi singano yosokera." Agogo anakhumudwa, koma anabweza lezala m'thumba.

Chifukwa chake ndi ichi. Anabere aja ndiwo alonda a mkono, ndiwo amagwira tizilombo tikalowa pa bala. Mkono umenewu alonda ake anachotsedwa, ndipo madzi odikha m'katimo ndi chakudya chabwino cha tizilombo. Mphini imodzi ndi khomo lotsegula. Komanso madziwo sali m'thumba limodzi loti ungaliboole n'kukhuthula. Ali m'minofu monse ngati madzi a m'chinkhupule. Ukatema, pamangochucha osaleka, bala osapola, ndipo mawa mkono wadzadzanso kuposa dzulo. Pa chifukwa chomwecho, palibe jakisoni wopopa madziwo. Mapiritsi okodzetsa amene ena amagula pa okala sathandiza vuto limeneli. Kuthowa ndi madzi otentha, kumene timakhulupirira pa chotupa chilichonse, apa kumawonjezera moto, chifukwa kutentha kumaitana madzi ambiri kumkono. Kumanga ndi mphira kapena kansalu kothina pamwamba, ndiye kutsekeratu ngalande yotsalayo.

Kuopsa kwa tizilombo tinakuona ndi maso. Nthawi yokolola, tsamba la phesi linawacheka pang'ono pa mkono, kabala koti munthu wina sangakaone n'komwe. Patapita masiku awiri, usiku, anayamba kunjenjemera, thupi kutentha, mutu kuwawa. Aliyense akanati malungo. Koma mkono unali wotentha ngati mbale ya nsima, wowawa kuukhudza, khungu litanyezimira n'kuderako kuposa mbali inayo. A chipatala amati khungu limafiira, koma pa khungu lakuda ngati lathuli kufiirako sikuoneka bwino, ndiye muzidalira dzanja lanu: gwirani mkono uwu, gwirani winawo, mumva kusiyana. Kutangocha tinakwera kabaza wa njinga yamoto. Anayeza malungo, sanapezeke. Anawapatsa maantibayotiki a masabata awiri ndi kutiuza kuti amalize onse ngakhale apeze bwino pa tsiku lachitatu. Anatinso matenda amenewa akachedwa amalowa m'magazi n'kupha munthu, ndipo nthawi iliyonse akabwera amawononganso timitsempha totsala tija, mkono n'kukulirakulira. Ndiye mayi wochitidwa opaleshoni ya bere akatentha thupi, musathamangire LA ndi Panado musanayang'ane mkono. Ndipo masiku amene mkono uli pamoto chonchi, osausisita ayi, ungogonekedwa pamwamba.

Nanga mankhwala ake n'chiyani? Ndinene mosabisa: vutoli silitheratu. Palibe piritsi, palibe muzu. Koma limaweteka, ngati mmene anthu a shuga ndi BP amakhalira zaka zambiri ali bwinobwino. Mankhwala ake ndi chisamaliro cha tsiku ndi tsiku, ndipo chambiri mwa icho sichifuna ndalama.

Choyamba ndi khungu. Madzulo aliwonse mayi amatsuka mkono ndi sopo wamba ndi madzi ofunda pang'ono, osati otentha. Amapukuta mosakhula, makamaka pakati pa zala ndi m'khwapa, poti malo onyowa ndiwo amayamba zilonda. Kenako amadzola Vaseline kuti khungu lisang'ambike, makamaka miyezi ya June ndi July pamene kuno kumapiri chisanu chimawumitsa khungu ngati chikopa. Zikhadabo amawenga mosamala, osati ndi lezala lozungulira nyumba yonse. Akadzicheka, ngakhale pang'ono, amasiya chilichonse, kutsuka ndi sopo nthawi yomweyo, kuphimba ndi kansalu koyera, ndiye timapayang'anira masiku atatu. Amagona m'neti chaka chonse, chifukwa kukanda pamene waluma udzudzu ndi bala kale. Mphete anaisamutsira kudzanja lamanzere, zibangili anapatsa adzukulu. Kuchipatala, poyeza BP, pobaya jakisoni, potenga magazi kapena poika diripi, amapereka mkono wamanzere ngati n'kotheka, ndipo amanena okha asanafunsidwe, poti namwino pa mzere wa anthu ambiri sangalote.

Chachiwiri ndi kuukweza. Madzi satsika phiri chokwera, ndiye timawathandiza. Akakhala pansi kusankha nyemba kaya kucheza, mkono amautsamiritsa pa mtsamiro kuti usalendewere. Usiku umagona pa pilo wakewake. Ana amaseka kuti mkono uli ndi bedi lake.

Chachitatu ndi kuugwiritsa ntchito, ndipo apa ambiri amadabwa. Mkono umenewu sufuna kumangidwa pa khosi ngati wothyoka. Timitsempha ta madzi tija tilibe pampu ngati mtima, timadalira minofu ikamafinya. Mkono wongokhala umadzadza msanga, phewa n'kuuma. A mafizo anawaphunzitsa zochita m'mawa ndi madzulo: kupuma mokoka mpweya mpaka m'mimba kangapo, kuzunguza mapewa, kuyendetsa zala pa khoma kukwera ngati buluzi mpaka pamene angafike, kupinda ndi kuwongola chigongono, kufumbata ndi kutambasula dzanja mkono uli m'mwamba. Anawo anawapangira kampira ka nsanza kofinya. Lamulo lake ndi lakuti pang'onopang'ono, kuwonjezera ntchito mwa masabata, ndipo mkono ukalemera, kupumula.

Chachinayi ndi kusisita, ndipo ntchito imeneyi ndi yanga. Koma si kusisita kwathu kuja kokanya ngati ufa wa mandasi. A mafizo anandigwira dzanja kundionetsa: mopepuka, kungosuntha khungu basi, monga mmene umasisitira mwana wakhanda kuti agone. Umayamba kumtunda, m'khosi ndi pachifuwa, kutsegula njira, kenako phewa, kenako kutsika mkono chigawo ndi chigawo, koma dzanja lako nthawi zonse likukankhira madzi kumtunda. Ngalande timayambira kukonza kumene madzi akatulukire, eti? Chonde izi musaphunzire pa positi yangayi, pitani akakuonetseni ndi manja. A mafizo amapezeka ku zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo mukafunsa pa chipatala cha boma pa Ntcheu akuuzani kolowera.

Chachisanu ndi chovala chothina cha mkono, chokhala ngati sokosi yaitali, kuyambira pa dzanja mpaka kufupi ndi phewa. Chimenechi ndicho chimagwira mkono kuti usadzadze masana. Amavala m'mawa mkono usanatupe, n'kuvula pogona. Chimayenera kukhala cha saizi yake, choyezedwa, chifukwa chothina kumtunda kuposa kumunsi chimatsekera madzi ku zala. Chimathanso mphamvu pakatha miyezi ngati 6, n'kufunika china. Mkono ukakula kwambiri, a chipatala amayamba ndi kuukulunga mabandeji apadera mosanjikiza kwa masiku angapo kuti uphwe, ndipo kukulunga kumeneku n'kwa munthu wophunzira, osati kungozengereza bandeji ya mu golosale. Chovalachi pa Ntcheu pano sitinachipeze. Chathu anatitumizira mphwanga wa ku Joni, titamutumizira miyezo.

Miyezoyo timatenga ndi tepi ya atelala. Loweruka lililonse m'mawa timayeza malo anayi: pa chikhatho, pa mfundo ya dzanja, m'munsi mwa chigongono ndi pamwamba pake, mikono yonse iwiri, malo omwewomwewo, n'kulemba m'kope la sukulu. A chipatala amati kusiyana kwa masentimita 2 pakati pa mikono iwiri ndi chizindikiro choti pali kutupa. Wa mayi pa nthawi yoipitsitsa unasiyana ndi masentimita 6 m'munsi mwa chigongono. Lero ukusewera pa 3. Kopelo latiphunzitsa zambiri: mwezi wotentha uno wa October manambala amakwera, tikayenda ulendo wautali pa minibasi mkono uli lende amakwera, akadwala chimfine n'kusiya mafizo amakwera. Mlimi amene salemba sadziwa munda umene ukumudyera.

Tsopano gawo lovuta, limene a chipatala sangatichitire. Malangizo onsewa ndi osavuta kwa mayi wa mu ofesi. Koma taganizani tsiku la mayi wa kumudzi kuno. Kum'mawa ndowa ya malita 20 pamutu, mkono uli m'mwamba kugwirira. Nkhuni kuphiri, minga ndi zitsotso. Kusinja. Kuvundula nsima pa moto wa nkhuni, nthunzi ndi zipsera za phala lowira. Kupalira m'munda wa chisoso ndi chitedze. Kuthira feteleza ndi manja. Kubereka mdzukulu, mfundo ya chitenje itakanikiza pa phewa lomwelo. Chilichonse pamenepa ndi bala, kutentha, kapena kulemetsa mkono mopitirira. Ndiye mkono uwu sungasamalidwe ndi mwini wake yekha. Mutu umodzi susenza denga.

Kwathu tinakhala pansi ndi ana n'kugawana. Madzi ndimatunga ine pa njinga ndi zigubu. Nkhuni ndi za anyamata. Chimanga chimapita kuchigayo, mtondo unapuma. Nsima ya banja amaphika okha poti amakonda, koma mphika waukulu wa alendo amavundula mtsikana wathu. Kumunda amapita, sanasiye, ndipo sakufuna kusiya. Amavala malaya a manja aatali ndi magolovesi, amagwira m'mawa dzuwa lisanakwere, kubzala, kupatulira, kusankha mbewu ya kachewere, kuwerengera aganyu. Zokolola m'mapesi ndi kugalauza mizere tinawachotsa. Ndikudziwa ku bawo amanena kuti ndinadya kondaine poti amandiona ndi zigubu ku mjigo. Anene. Munthu amene ndakolola naye zaka zonsezi, amene anandisenzera madzi osamba kuyambira ndili mnyamata, lero ndichite manyazi ndi chigubu?

Kwa amayi anzawo a m'mudzi muno, pempho langa ndi la ku maliro ndi ku zinkhoswe. Mukaona mayi akhala pa mkeka kusadzula masamba kapena kusankha nyemba m'malo movundula mphika waukulu, si matama, si ulesi. Kunamveka mawu akuti "chibwerere ku Lilongwe anasanduka bwana." Anabwera kunyumba osadya tsiku limenelo. Munthu amene wataya bere amakhala kale ndi chisoni chimene satchula, ndipo mkono wotupa ndi chinthu choti sungabise m'chitenje. Kwa miyezi ingapo anasiya kupita ku Chigwirizano chifukwa bulauzi yoyera sinkalowa. Amene anathetsa nkhaniyi ndi amayi awiri achikulire amene anatenga bulauziyo mwakachetechete, kupita nayo kwa telala, kukakulitsa manja onse awiri mofanana kuti pasaoneke kusiyana. Amayi inu, mukudzidziwa, Mulungu akudalitseni. Mankhwala ena ndi otero.

Chisamaliro chimenechi si chachilendo m'dziko muno. Achikulire mukukumbukira matenda aja otupitsa miyendo ngati ya njovu, ofala ku Chikwawa, ku Nsanje ndi ku Karonga. Amenewo amabwera ndi tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, timene timatseka timitsempha ta madzi tomwe tija. Boma linagawa mapiritsi m'midzi zaka zingapo, ndipo mu 2020 bungwe la WHO linalengeza kuti Malawi wagonjetsa matendawa ngati vuto la dziko. Koma amene anatupa kale anatsala ndi miyendo yawo, ndipo amaphunzitsidwa zomwezi: sopo, madzi, kupukuta pakati pa zala, kukweza mwendo, kuuyendetsa, kuthamangira kuchipatala ukatentha. Choyambitsa n'chosiyana, koma ngalande yotsekeka ndi yomweyo. Ndipo zonse ziwiri sizipatsirana pokhudzana. Mukhoza kuwapatsa moni wa dzanja mayi, kudya nawo mbale imodzi, palibe chimene mungatenge.

Pali mawu amodzi amene anandiopsa kuposa onse. Mayi wina wachitsikana anauza mnzake kuti ali ndi kambulu m'bere koma sapita kuchipatala, "mwaona mmene anawapundulira mkono a uje." Mwana wanga, ngati ukuwerenga, tamvera. Mayi ako aja ali moyo. Anavina pa ukwati wa mwana wawo, akulera adzukulu, akusunga kope la banki m'khonde. Popanda opaleshoni ija bwenzi lero tikukamba za tsiku lomanga chiliza. Mkono wotupa umasamalika, khansa yolekerera siisamalika. Ndiponso amene wafika msanga, khansa isanafike m'khwapa, ndiye amene ali ndi mwayi waukulu woti chithandizo chikhale chopepuka. Kuchedwa ndiko kumabweretsa chimene ukuopacho. Mwezi uno wa October ndi umene dziko lonse limakumbutsana za khansa ya m'mawere. Malemu Blandina Khondowe, amene anakhalapo Miss Malawi n'kuyambitsa Think Pink Malawi, anathera mphamvu zake pa uthenga womwewu, woti amayi azidziyeza ndi kupita msanga. Kambulu kosapweteka, nsonga ya bere yolowa m'kati kapena yotulutsa magazi, khungu lokhala ngati khoko la lalanje, chotupa m'khwapa: sabata yomweyo kuchipatala. Ndipo abambo, perekezani. Ndalama ya thiransipoti ndi thumba limodzi la kachewere, mkazi alibe mtengo.

Inu a m'tauni amene mumafunsa kuti tithandize chiyani, nazi. Musatumize mankhwala a m'mabotolo otsatsidwa pa WhatsApp oti amasungunula zotupa, ndalama zanu zingopita. Tumizani sopo, Vaseline, magolovesi a kumunda, neti. Amene muli ku Joni kapena kufupi ndi mafamase aakulu, funsani za chovala cha mkono chija, koma muyambe mwaitanitsa miyezo. Wodwala akabwera ku sikelo yake ya khansa ku Lilongwe kaya ku Blantyre, mupatseni pogona ndi munthu womuperekeza, poti ambiri amasiya kupita chifukwa cha thiransipoti ndi malo ogona, osati chifukwa chosafuna. Ndipo mukaimba foni, muzifunsanso za nkhuku zawo ndi za kwaya, asamangokhala "a mkono aja."

Ngati kwanuko kuli mayi amene anachotsedwa bere, kaya chaka chatha kaya zaka khumi zapitazo, muwerengereni positi iyi, poti ambiri a iwo sali pa Facebook. Mufunseni ngati mphete ikuthina. Akafuna kucheza ndi mnzake amene akudutsa njira yomweyi, mayi ati khomo ndi lotsegula, tepi ilipo, tiyi aphika okha ndi dzanja lamanzere.

Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Tsangano, amene simunamalize kusosa fulumirani. Sabata ya mawa tibwerere ku nkhani ya manyowa a Mbeya, poti ambiri mwafunsa kasakanizidwe kake. Khalani bwino nonse.